Khoma la Khitchini Yanu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno kwa Kabudula tilipo, kupatula bondo langali, layamba kulosera mvula ngati lanu lija. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, ndi mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Mtedza wachita bwino chaka chino, za fodya tisakambe.

Koma chandikhazika pansi ndi khoma la khitchini yanu. Paja chaka ndi chaka munkalizira ndi katondo, mtsiro wakuda ndi phulusa, n'kujambulapo timabokosi, mizere yopendekeka ndi chozungulira chachikulu pakati. Anzanu popita kutchalitchi ankaima pamsewu n'kumaseka kuti aNankhoma sadziwa kujambula maluwa. Inu osatekeseka n'komwe: "Maluwa ali kudimba, akawaonere komweko."

Mutatisiya, Yohane anati khomalo alipake simenti. Ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa ndi tsache! Zala zanu zinali kuonekerabe pamenepo, ndiye munthu azikwirire?

Tili mkati mokokanakokana, anabwera patchuthi mwana wanga Tadala, amene munkamuti kamberewere uja. Pano akuphunzira zojambulajambula kukoleji. Anatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi za akatswiri a ku Ukraine, dziko la kutali limene kuli nkhondo lija, zojambulidwa zaka zoposa zana zapitazo. Amayi inu, ndinachita kufuula! Timabokosi, mizere yopendekeka, zozungulira, mitundu yowala ngati chitenje chatsopano. Akuti ena mwa iwo anakula akuona amayi akumudzi akukongoletsa makoma a nyumba zawo, ndipo zina ankazipereka kwa amayi omwewo kuti azipete pansalu. Nawonso anasekedwa, kenaka boma linawaletsa, ena mpaka kuphedwa. Lero zithunzi zomwezo anthu akuzibisa kuti mabomba asaziwononge. Mukadaona mmene Yohane anakandira m'mutu! Za simenti zinathera pomwepo.

Tsono tinati nafenso tibise chathu. Mvula itayandikira, Yohane yemweyo anatenga pulasitiki wakuda wa pachigafa cha fodya, tinakuta khoma lonse, pansi n'kupsinja ndi njerwa kuti ngakhale dontho lisalowe. Dzinja lonse ndinkadutsa pamenepo ndikunyada kuti ntchito ya amayi anga yasungika.

Mvula itatha tinavundukula. Kalanga ine! Khoma linachita thukuta m'kati, chuku paliponse, chiswe nacho chinapeza pogona. Dothi lonse linangoti khuthu pamapazi pathu. Tadala, amene anali atabweranso patchuthi, analira, ine ndinakhala pakhonde mtima ukuwawa ngati maliro ayambiranso.

Kenaka, mundikhululukire, ndinayamba kuseka. Ndinakumbukira kuti wofufuta khoma limeneli chaka chilichonse munali inu nomwe. Tikamadandaula kuti za chaka chatha zinali zokongola, munkati, "Khoma ndi nkhope, silisamba kamodzi." Ife tinalimana madzi, tinalimana mphepo, eti kulisamala!

M'mawa mwake ndinasenza dengu kupita kudambo kumene munkakumba mtsiro. Tadala anasefa phulusa, Yohane anatunga madzi osadandaula, chinthu chachilendo. Ndinazira ndi chikhatho monga munkachitira, kuyambira pamwamba. Mizere yatuluka bwino ndithu, koma chozungulira chija, aa, chakhala ngati dzira la bakha. Tadala akuti ndisachikonze, akatswiri ake aja akadachikonda. Mwana ameneyu amadziwa kunyengerera.

Lamulungu lapitali ndili m'khitchini ndinamva anthu ataima pamsewu. Anzanu omwe aja, ena tsopano akuyenda ndi ndodo. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo wina anati, "Taonani, aNankhoma abwerera, ndipo maluwa sanaphunzirebe!" Amayi, chikuikireni m'manda sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Ndinatuluka misozi ili chuchuchu, n'kuwauza kuti maluwa ali kudimba.

Mupereke moni kwa abambo. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti mvula ikadzatha chaka chamawa ndidzalifufuta ndekha khomali, n'kuziranso.

Ndine mwana wanu,
Esnati