Dzina la Pamwala wa Tchalitchi

Achimwene a Frazer,

Tandiuzani, bambo anu anagwirako liti pensulo? Mwala mwatumiza kuchokera ku Joni uja aumata kale pakhomo la tchalitchi chathu kuno ku Nsaru, ndipo ukunena kuti pulani anajambula ndi iwowo. Limenelo ndi bodza! Anajambula ndi azakhali athu a Zione, masiku amene amuna ankawaseka akakwera padenga atamanga chitenje. Mazenera am'mwamba aja, otipulumutsa ku kutentha kwa Okutobala, ndi nzeru zawo. Ineyo kumanga ndinaphunzira poyang'ana manja awo.

Kuno tili bwino, fodya tayamba kuthyola. Azakhaliwo aliponso, kungoti maso awo aja... mukadzabwera mudzaona nokha.

Tumizani mwala wina wa dzina lawo msanga, auwerenge okha maso akadaona.

Ndine mbale wanu wosabisa mawu,
Harrison