Chitsulo cha m'chimbudzi cha Aphunzitsi

Lolemba, 3 Malichi

Mutu kuwawa kuyambira m'mawa. Antchito anayi, nyumba khumi ndi ziwiri zikudikira, galimoto imodzi. Akuti ndine bwana. Bwana wa matepi oyezera ndi zimbudzi za eni.

Amayi anga auzanso anzawo kuti ndine dokotala. Ndatopa nako kufotokoza. Munthu akalumala timapita kwawo, timaona zitseko, masitepe ndi bafa, n'kukonza kuti azikhalamo osadalira wina. Basi. Jakisoni sindibaya ine.

Masana kuchipatala, kukaona Aphunzitsi. Anapuma pantchito kalekale. Sitiroko mwezi watha. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, kumanzere mphamvu ilipo. Pakamwa panakhota, koma mutu ukugwira zedi, mpaka andipezera tsiku lolakwika pa fomu yanga.

Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, amene aliyense amangomuitana Chitsirizira. Iye atatuluka, Aphunzitsi anandigwira mkono. "Mayi, zina zonse ndipirira. Koma mwana wanga wamkazi asadzandivule thalauzi."

Ndawalonjeza. Ndimalonjeza msanga ine.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndakayeza nyumba yawo ndekha, ena onse anali kwina. Masitepe awiri pakhonde, tiikapo njira yotsetsereka. Chitseko cha kuchipinda tichikuza kuti wilutcheya izilowa. Chimbudzi chopanikiza, chifunika chitsulo chogwirira kumanzere kuti azidzuka okha.

Madzi anali atasiya, fungo losasimbika. Ine ndili mu suti yatsopano chifukwa cha msonkhano wamasana. Ndinayeza chiimire pakhomo, kujambula, kusaina, pepala kwa amisiri, liwiro.

Kumsonkhano ndinayankhula bwino. Ndinawauza kuti nyumba imayezedwa ndi thupi la mwini wake. M'manja anaomba. Nsapato zinandiluma tsiku lonse.

Lachisanu, 14 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Aphunzitsi atuluka lero. Njira yapakhonde yabwino, anakwera akumwetulira ndi mbali imodzi ija. Chitseko chabwino. Kenako kuchimbudzi kukayeserera, ali chivalire. Tinawakhazika. Anatambasula dzanja lamanzere. Khoma lokhalokha. Anapapasa, kupapasanso.

Chitsulo chili kumanja, pafupi ndi dzanja lakufa. Chonyezimira, chomangidwa bwino.

Ukaima pakhomo, kumanzere kwako ndi kumanja kwa wokhalayo. Chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa wantchito aliyense watsopano: tseka chivundikiro, khalapo, tambasula dzanja, kenako lemba. Wina ndinamubweza ulendo wa maola awiri chifukwa sanakhalepo. Ine ndinaopa suti.

Chitsirizira anapsa mtima. "Amisiri amasiku ano, mitu yawo sigwira!" Anawatukwana mpaka pakhonde, eni ake kulibe. Ine chete, kunamizira kuyang'ana tepi.

Aphunzitsi anatsitsa dzanja lija. Anangondiyang'ana.

Loweruka, 15 Malichi

Amisiri abwera ku ofesi ndi pepala lopinda panayi. Bambo wachikulire, saukali. Analiyala patebulo n'kulisita ndi chikhatho. "Mayi, ine ndimamanga zimene mwalemba. Siginecha iyi ndi yanga?"

Manyazi, ndinalakalaka pansi patatseguka. Ndapepesa. Kwa iwo okha, chitseko chili chotseka.

Kusamutsa chitsulo sikutheka. Khoma lakumanzere ndi la thabwa lopyapyala, munthu atakoka angagwe nalo. Pafunika china chomangira pansi, chowotcherera. Wowotcherera akuti Lachinayi. Ndamunyengerera, ndamuopseza, Lachinayi lomwelo.

Aphunzitsi ndinawapititsira mpando wokhala ndi ndowa pansi, azigwiritsa ntchito kuchipinda. Akana. "Ndowayo akataya ndani?"

Lachiwiri, 18 Malichi

Foni kwa Chitsirizira. Akuti zili bwino, bambo savutitsa n'komwe. Kuchimbudzi kamodzi patsiku, madzulo, mnansi wawo wamwamuna akaweruka kuntchito n'kudzawagwirira. Mtima unakhala pansi. Masiku awiri okha atsala.

Kenako anaimba mchimwene wake, mwana wawo woyamba. Mawu a munthu wozolowera kulamula. Akuti nyumbayo yalephera, awatenga bambo azikakhala kwa iye, nyumba yosanja, chipinda chachitatu m'mwamba, awalembera wantchito. Ndinati kumeneko sadzatsikanso pansi. Akuti, "Nanga kumene mwakonzako akudzithandiza?"

Ndinati atipatse mpaka Lamlungu.

Galimoto yaphwa tayala. Nkhomaliro ndadya bisiketi.

Lachinayi, 20 Malichi

Chitsulo chafika. Tinapita ndi amisiri m'mawa, mnansi ndiye anatitsegulira. Aphunzitsi anawatengera kuchipatala dzuwa litangotuluka. Thupi kutentha, kuyankhula zosokonekera, Chitsirizira osamuzindikira.

Namwino akuti thupi lauma. Sanamwe madzi okwanira kuyambira Lachisanu. Tiyi ankamuthira mu mphika wa maluwa wapawindo, mwana akatembenuka.

Kamodzi patsiku. Ndinamva ndi makutu angawa, ine n'kusangalala! Zaka khumi ndi zisanu pantchitoyi. Ndikudziwa kuti odwala amachita zimenezi, osamwa kuti asapemphe kuperekezedwa. Ndinalembapo kapepala kochenjeza mabanja, kali mu kabati ya ku ofesi, mulu wonse.

Amisiri anaboola pansi, anamanga mabawuti anayi. Pomaliza anangoti, "Yesani, mayi." Ndinalendewera pachitsulocho ndi thupi lonse. Sichinagwedezeke.

Ndinalirira m'galimoto, pang'ono chabe, kenako nyumba yotsatira.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndamuuza Chitsirizira, pabenchi panja pa wodi. Kuti anajambula ndine, anasaina ndine, amisiri alibe mlandu. Maso ake otupa. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Ndiye tsiku lija munangondisiya ndikutukwana munthu wosalakwa?" Ndinati eya. Anasendera kumapeto kwa benchi.

Patapita nthawi anati, "Ine ndikanawasamala, anti. Sindikananyansidwa. Ndi bambo anga." Ndinati ndikudziwa, vuto si iwe. Sindikudziwa ngati anamva.

Masana ndawauza antchito anga onse anayi. Amene ndinamubweza uja anangoyang'ana padenga. Ali ndi ulemu kuposa ine.

Aphunzitsi ali pa diripi. Nzeru zabwerera. Kumwa akukanabe, namwino akuti kapu amaikankha. Dokotala akuti sawatulutsa asanayambe kumwa okha, ndipo akapitiriza chonchi ndiye kuti nyumba ija si yawonso, mwana wamwamuna achite zimene akufuna.

Loweruka, 22 Malichi

Kuwodi nthawi ya alendo. Aonda, milomo yang'ambika. Kapu yodzadza pakabati, yovundikira ndi mbale.

Ndinakhala mbali yakumanzere. Ndinawauza zonse, ndi za suti zomwe. Anamvetsera ngati mmene ayenera kuti ankamvetserera ana ochedwa kusukulu. Anati, pang'onopang'ono, mawu akukokeka, "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Nkhope yanu simabisa."

Ndinatulutsa foni, chithunzi cha chitsulo chatsopano. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Munajambula muli pati?"

Ndinati pakhomo.

"Ndiye sindikhulupirira."

Ndinatuluka. Ola limodzi kupita, ola limodzi kubwera, tayala lachigamba. Mnansi anadabwa kundiona ndikupempha kiyi thukuta lili kamukamu. Chithunzi chachiwiri, ndili chikhalire: mawondo anga, chitseko kutsogolo, dzanja langa lagwira chitsulo.

Nthawi ya alendo inali itatha, namwino anandilowetsa mobisa. Aphunzitsi anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana dzanja langa lamanzere, lomwe lavala wotchi. Anayang'ananso chithunzi. Anakweza dzanja lawo lamanzere m'mwamba, n'kufumbata mpweya, n'kukoka pang'ono.

"Vundukulani kapuyo."

Sanalole kuti ndiwagwirire. Madzi ena anatayikira pamalaya, mbali yokhota ija. Anamwa theka, anapuma, anamwanso.

Mwana wawo wamwamuna afika mawa m'mawa ndi galimoto. Chitsirizira akuti chipinda cham'mwambacho mchimwene wakeyo wachipenta kale. Aphunzitsi akuti ndibwere molawirira ndi foni yanga, yodzadza moto, chithunzi chija chilimo.