Ba Amosi Amamanga Madenga, Osati Anthu

KOMITI YOTETEZA NYUMBA KU MPHEPO, CHINYUNYU
Tsiku: Loweruka, 8 Novembala 2025
Malo: M'kalasi la Giredi 7

Opezeka: Ba Thelma Mwachilenga (Wapampando), Ba Amosi Chipungu (mtsogoleri wa ntchito), Ba Kingsford Nyirongo (wolengeza), Ba Providence Malambo (odandaula), Hellen Sakala (Mlembi).
Osapezeka: Ba Caleb Njovu, amene sanabwerebe kuchokera kumene anathawira.

1. Chilengezo cha Lamlungu
Wapampando anakumbutsa kuti Ba Amosi akalambira pa ntchito yophunzitsa anthu kumangirira denga ku khoma ndi waya, m'malo mosanjika miyala pamalata. Komiti inatuma Ba Kingsford kukalengeza kuti ntchitoyi ipitirira mvula isanagwe.

Ba Kingsford anavomera kuti kutchalitchi ananena kuti: "Lolemba Ba Amosi abwera kudzamanga onse amene ali ndi miyala padenga." Anati iwo sanaone cholakwika, popeza kumanga ndi kumanga. Wapampando anayankha kuti nawonso apolisi amatero.

Msonkhano unamva kuti pofika Lolemba miyala yonse inali pansi, eni nyumba ali kuthengo. Ba Amosi anayenda mudzi wonse ndi mkombero wa waya paphewa, nalonjeredwa ndi agalu okha. Ba Caleb, membala wathu ndithu, anaoneka akukwera minibasi ya ku Lusaka. Mlembi anauzidwa kuti asalembe zimenezi.

2. Denga la Ba Providence
Ba Providence anati anatsitsa okha miyala yawo, ali ndi nyamakazi yawoyo, poopa kukafera m'chitokosi. Lachitatu kunabwera chimphepo, ndipo denga lopanda mwala, lopanda waya, linakatera m'munda wa Ba Kingsford. Pakali pano akugona m'khitchini ndi adzukulu, ndipo mitambo yayamba kale kuda. Ba Kingsford anafunsa za chinangwa chawo chimene chinaphwanyika. Wapampando anapita ku mfundo yotsatira.

3. Kutula pansi udindo
Ba Amosi anaika pulayala yawo yomangira waya patebulo. Anati mtima ukuwawawa kwambiri. Anayamba kukwera madenga tsitsi lili lakuda, koma lero ana akawaona amakuwa kuti "Kapokola!" ngati aona wapolisi, ndipo denga loyamba kuuluka chifukwa cha dzina lawo ndi la mayi wamasiye. Anapempha komiti isankhe wina.

Ba Providence anaimirira osapatsidwa mpata. Anati, "Iyayi, Ba Amosi, osandichita zimenezo. Ndinatsitsa miyala chifukwa cha imwe. Manje mukachoka, mvula ikandipeza m'khitchini, ndikalirira ndani? Ba Kingsford? Awa nyundo yawo ndi pakamwa chabe."

Kunali phokoso. Ba Amosi anapukuta m'maso, nati ndi fumbi la choko.

Chigamulo: Kutula pansi kwakanidwa. Denga likwezedwe Lolemba. Ba Kingsford akasenze malata kuchokera m'munda wawo, osalankhula.

4. Zina ndi zina
Wapampando anafunsa amene angalengeze mawa, anthu atuluke kuthengo. Ba Providence anati ayimirira okha kutchalitchi n'kunena kuti, "Ine Ba Amosi andimanga Lolemba, bwerani mudzaone ngati ndilira."

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira: 22 Novembala. Ba Thelma anatseka ndi pemphero nthawi ya 16:30. Titatsegula maso, Mlembi anaona kuti pulayala ija palibe patebulo, ndipo Ba Amosi anali kale pakhomo, akufunsa Ba Providence kuti malatawo ndi angati.

Thelma Mwachilenga, Wapampando
Hellen Sakala, Mlembi