Matope Ozizira a Bambo Khutu

Lolemba, 9 Juni

Mapaipi makumi atatu a matope a pansi pa nyanja afika lero kuchokera ku sitima. Fungo ngati la dzira lovunda, mpaka m'tsitsi. Onse m'firiji.

A Khutu atsala ndi sabata ziwiri kuti apume pa ntchito, ndipo lipoti ili ndi lawo lomaliza. Dzinali tinawapatsa kalekale chifukwa ntchito yawo ndi kumvetsera matope. Makina amatumiza kaphokoso mbali ino ya paipi, ife n'kuyeza liwiro limene katulukire mbali inayo. Anandiphunzitsa ndi iwowa, ndili mbuli yotheratu. Ndimakumbukirabe: "Mwanawe, mchenga ndi mthenga, amathamangitsa mawu. Matope a madzi ambiri ndi mlesi. A mpweya m'kati ndiye chidakwa, uthenga umafika mawa."

Lachitatu, 11 Juni

Dzino usiku wonse. Ndisanathamangire kwa dokotala ndinatulutsa mapaipi khumi, n'kuwauza kuti angotuluka kumene m'firiji, adikire atenthe kaye. Anagwedeza mutu, kumwetulira kwawo kuja. Pobwera masana ndapeza onse ayezedwa, manambala ali m'buku mwaukhondo ngati a mphunzitsi wamkulu. Sindinaganizepo kanthu, tsaya linali litatupa.

Lachinayi, 12 Juni

Manambala onse ndi otsika. Mchenga umene umayenera kufika mamita 1,700 pa sekondi uli pa 1,640. Matope nawonso chimodzimodzi. A Khutu akuyenda ngati mnyamata m'labu muno, ati pansi ponsepo pali mpweya, zimene palibe anaziona m'dera limenelo. Aimbira kale abwana foni. Akufuna akazinene okha pamaso pa anthu tsiku lotsanzikana.

Si mpweya. Ndi kuzizira basi. M'matope ozizira mawu amayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake paipi imadikira maola anayi patebulo. Lamulo limeneli analemba ndi iwo omwe, lili pakhoma mpaka lero. Sanandimve. Ndipo ndi magulovesi awo okhuthala aja akanadziwa bwanji? Inenso ndinaika mapaipiwo molakwitsa pa tebulo la okonzeka kuyezedwa. Mtima ukundiwawa.

Loweruka, 14 Juni

Kuchapa, kusita, mutu uli ku labu. Bambo a kunyumba akuti ndingoyezanso ndekha n'kusintha manambala mwakachetechete. Nanga mpweya wawo uja ndikaubisa kuti?

Zoona zake, tonse timadziwa kuti sakumvanso bwino. Amayang'ana milomo ya munthu, amatembenuza khutu lakumanzere, ketulo imalira mpaka madzi kuphwa iwo ali pomwepo. Mlembi amachita kufuula ngati akuitana basi, kenako n'kunamizira chimfine. Palibe walimba mtima kuwauza, poti munthu wake ndi a Khutu. Tawakonda molakwika.

Lolemba, 16 Juni

Ndinakonza mawu njira yonse, koma nditawaona akupukuta magalasi ndi tayi, onse anandithawa. Ndinangotulutsa paipi imodzi m'firiji, kuwavula gulovesi, n'kuika dzanja lawo pamenepo. Kenako chala changa pa tsamba la Lachitatu.

Anawerenga tsambalo, dzanja lili pa paipi. Ine maso pansi.

Anati: "Unandiuza, eti?" Ndinavomera ndi mutu. Anaseka pang'ono, ati chidakwa si matope ayi, ndi mwini buku. Anaimbira okha abwana, mokweza mpaka mlembi kumva, kuti mpweya kulibe, nkhalamba inayeza matope ozizira. Za tebulo lolakwika lija sanatchule. Tayezanso asanu limodzi, mchenga wabwerera pa 1,700.

Potseka anandifunsa: "Ndi zingati zina zimene mwandiuza, ine n'kumangogwedeza mutu?" Ndinati si zambiri. Bodza.

Lachiwiri, 17 Juni

Asanu otsala atha. Lipoti ndi lamanambala wamba, koma loona. Ati Lachisanu mkazi wawo awaperekeza kokayezetsa makutu, ndipo ndisauze mlembi, angataye mwayi wofuula.

Funso lawo lija silikundichoka. Chaka chatha, nditabwera kokaika bambo anga, ndinaima kumbuyo kwawo pa sinki n'kuwauza kuti bambo amene ndatsala nawo ndi iwo. Anayankha kuti, "Ika pa shelefu." Ndinalira m'chimbudzi, ndipo mwezi wathunthu tiyi wawo ndinkathira shuga wochepa dala.

Mawa ndipita msanga. Ndikaima kumanzere kwawo, ndikabwereze mawu aja.