Mankhwala a Udzu Sindinatumize

Lufita, Chitipa
Novembala 2013

Okondedwa achimwene a Lazarus,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ife kuno tili bwino. Bambo a Tadala anachira chifuwa chija ndipo ayambiranso kutsegula shopu kumsika wa paboma. Mvula yagwa kale, fumbi la mumsewu lazilala.

A Safeli anandipatsa uthenga wanu atabwera kudzapikula nyemba. Akuti mukufuna mankhwala opha udzu a ku Tanzania, poti kuno ndi otsika mtengo, kuti amayi asavutike ndi kupalira chaka chino. Maganizowo ndi abwino, ndipo ndikudziwa kuti mukusenza minda iwiri nokha. Koma a Safeli abwerera chimanjamanja. Musawadandaule, wakana ndine.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mayi wina wamasiye dzina lake Wezi, amene tili naye limodzi kukwaya. Ali ndi dimba la nyemba ndi kadamu ka nsomba m'mbali mwa kamtsinje kothira mu Lufita, ndipo ana ake amadya za pamenepo. Kumtunda kwake kuli munda wa a Philip, munthu waulemu amene sitinamvepo akukangana ndi wina.

Mwezi wathawu a Philip anagula mankhwala kumalire, ochita kuwathirira m'botolo la sobo, opanda pepala lililonse. Wogulitsayo anangowauza m'Chiswahili kuti ndi amphamvu. A Philip anapopera masana kukuwomba mphepo, ndipo atatha anatsikira kukamtsinje kukatsuka sipuleya pamtunda pang'ono pa ngalande yolowetsa madzi m'damu muja.

M'mawa mwake Wezi anapeza nsomba zikuyandama, mimba zili m'mwamba. Sabata isanathe nyemba zake za m'malire ndi munda wa a Philip zinasanduka zachikasu, kenako n'kuuma. Ana ankafuna kutola nsombazo, koma tinawaletsa n'kuzikwirira. Ndinamuthandiza Wezi kukumba dzenjelo, achimwene.

Alangizi a zaulimi atabwera anatisonkhanitsa patchalitchi. Anati mankhwalawa sali amodzi. Ena akagwa pansi amamatirira kudothi n'kutha mphamvu pang'onopang'ono. Ena amakhalitsa, amayenda ndi madzi a mvula mpaka m'zitsime, ndipo nyemba sizichita bwino pamene agwera. Titawafunsa kuti a m'botolo lija ndi ati, anati popanda pepala ngakhale iwo sangadziwe. Anatinso mankhwala odziwika bwino amathandiza ndithu, bola munthu ayeze muyezo wake, avale magolovesi ndi jombo, apopere kuli bata, ndipo asatsukire sipuleya kumtsinje.

A Philip anaimirira n'kupepesa anthu onse akumva. Ena ankamukankha Wezi kuti nkhaniyo aipititse patsogolo, koma iye anati, "Yewo a Philip, ndamva. Ine milandu sindikuifuna. Ndikungofuna wina andiuze kuti dothi langa ndidzabzalamonso liti." Panopa a Philip amupatsa Wezi mbali ya munda wawo wina kuti abzale nyemba, ndipo akumuthandiza kuphwetsa damu lija. Zowetanso nsomba Wezi adikira kaye.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za kumudzi. Munda wa amayi uli pamwamba penipeni pa chitsime cha kudambo, ndipo mukudziwa mmene madzi amatsikira pamenepo mvula ikagwa yamphamvu. Chitsimecho timamwa ndife, a kwa amalume ndi makomo ena onse a kumunsi.

Chinanso, amayi sapalira ngati inu ndi ine. Khasu lawo limalambalala chisoso, bonongwe ndi luni, ndipo pobwerera kunyumba amakhala atamanga ndiwo pansonga ya chitenje. Mu Januwale, nkhokwe ikapepuka, zimenezo n'zimene zimatisunga. Mankhwala sadziwa kuti ichi n'chisoso cha amayi, kwa iwo zonse ndi udzu. Ndipo ngakhale muwauze kuti mwapopera, ndikuwadziwa ine, akathyolabe.

Pempho langa ndi limodzi. M'munda wa amayi musapoperemo chilichonse. Wanu wa kumtunda uja, ngati mwatsimikiza, kaonaneni kaye ndi alangizi, mugule a m'botolo lake lomata, okhala ndi pepala loti muwerenge. Za kupalira kwa amayi ndayankhula ndi bambo a Tadala, ndipo avomera kuti sukulu akatsekera ndibwere ndi ana tidzagwire khasu. Manja anga afewa ndi kuyeza shuga mushopu, koma mzere ndimautha.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, azakhali a kutsidya, alamu anga ndi ana onse. Bambo a Tadala akuti moni wambiri. Ambuye akusungeni mpaka tionane m'munda.

Ndine mlongo wanu,
Christina