Katatu ndi Kapang'ono

Kambombo, Chama
14 Meyi

Wokondedwa mwana wanga Purity,

Uli bwanji ku Kitweko? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tili bwino, kupatula bondo la atate ako lomwe limawawa pokhapokha madzi akatha mumtsuko. Chimanga chachita bwino, ndipo njovu chaka chino zatilambalala.

Manje khala pansi ndikuululire. Mabuku ako akale amene unkafunafuna mu Disembala sanadyedwe ndi chiswe ayi. Ndinakunamiza, ndinabisa ndine. Kuyambira Januwale ndimapita kusukulu ya akuluakulu masana, kwa a Madamu Perpetua, ndipo ndikufuna kulemba mayeso a giredi naini.

Atate ako sanakondwe nazo. Anati mzimayi wa imvi kukhala padesiki n'kuchititsa manyazi banja, choncho tikangokolola ndisiye. Ndinalira, sindikubisa.

Mwezi watha a Madamu anatiphunzitsa kachilembo kotchedwa payi, kooneka ngati kampando ka miyendo iwiri. Akuti n'ka Agiriki, ndipo anthu anayamba kufufuza nambala yake kalekale Yesu asanabadwe. Opanga mawilo, opanga mapaipi a mjigo, ngakhale oyeza nyenyezi amakadalira. Nkhani yake ndi yakuti chinthu chozungulira ukachiyeza modutsa pakati, kuzungulira kwake si katatu chabe, koma katatu ndi kapang'ono. Pakati pakakhala seveni, kuzungulira ndi twente-thu.

Ndinaseka m'kalasi mpaka misozi, nditakumbukira nkhokwe ya chaka chatha. Paja atate ako amalemba bwalo pansi ndi chikhomo ndi chingwe, n'kuyeza pakati ndi mapazi, n'kuchulukitsa katatu monga ankachitira atate awo. Pa nsungwi sizivuta, zikaperewera umangolukirapo ina. Koma waya wa sefa wotchingira makoswe amakadulitsa kuboma, ulendo wa tsiku lonse panjinga. Waya unaperewera, makoswe anachita phwando, ndipo wogulitsa wayayo anatchedwa wakuba chaka chathunthu.

Lachiwiri analembanso bwalo la nkhokwe yatsopano, mapazi seveni pakati, nati akagula waya wa mapazi twente-wanu. Ine pakamwa panayabwa, ndinati agule twente-thu. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Kenako anati tiyeze, ndipo kampando kangako kakanama, sukulu ithere pomwepo. Ndinafunsa kuti nanga kakanena zoona? Anati ndiye ndikalembe mayesowo. A Oscar, anansi athu, anati iwo ndiwo mboni.

Tinayala chingwe motsata mzere wa bwalolo, n'kuchiwongola, atate ako n'kuyamba kuponda phazi ndi phazi. Ine ndinkawerenga nawo. Atafika twente-wanu, chingwe chinatsalako, ndipo phazi lina linakwana ndendende! Anabwereza katatu, ati mwina chingwe chatamuka. A Oscar anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Atate ako anakanda m'mutu nthawi yaitali. Pomaliza anati akafika kuboma akapepesa kwa wogulitsa waya. Dzulo anandikweza okha panjinga kukalembetsa mayeso, ndipo njira yonse ankauza anthu kuti nzeru za masamu ndinatengera kwa iwo. Ndinangowasiya, chimwemwe chinandikwana.

Manje pempho langa ndi ili. Sindinakuuzepo kuti sukulu ndinasiya ndili ndi pathupi pa iweyo. Sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ndiye usadziimbe mlandu. Koma ndinakubisira zonsezi poopa kuti iwe, amene ukuphunzira uphunzitsi, uchita nane manyazi pamaso pa anzako. Usatero, mwana wanga. Ukabwera patchuthi mu Ogasiti, undikhazike pamphasa undiphunzitse, ndipo ndikalakwa undikalipire monga mwana wasukulu aliyense. Ndinakuphunzitsa kuyenda, nawenso undigwire dzanja.

Upereke moni kwa azakhali ako a Salome ndi ana onse. Mulungu akusunge, akupatse mutu wabwino pamaphunziro ako.

Ndine mayi ako,
Vainess, wa giredi naini