Bulangete la Nkhosa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likukuvutanibe? Ndamva kuti mukukakamirabe khasu. Makani anu ndimawadziwa, koma muzipumako. Kuno ana ali bwino. Ine ndikusokabe pakhonde la sitolo lija, ngakhale makina ayamba kudula ulusi ndipo mwini sitolo akuti ndimatsekereza makasitomala ake.

Zimene ndilembe pano sindikanatha kuzinena pafoni, chifukwa nyumba yathu ndi yaying'ono, munthu ukatsokomola aliyense amamva. Ndi za mlongo wanga, mwana wanu wotsiriza, amene munamutcha Nkhosa chifukwa cha kufatsa. Chitulukireni kundende mwezi watha akugona pabalaza pathu. Ndinakuuzani kuti ali bwino. Thupi lokha lili bwinodi.

Akamadya amayang'ana kukhoma, mkono atazunguliza mbale, ndipo amamaliza ife tisanakhale pansi. Safuna munthu adutse kumbuyo kwake. Masiku oyamba ankandipempha chilolezo chopita kuchimbudzi. Ndinkamuseka kuti kodi ndasanduka msilikali wa ndende, koma iye sankaseka.

Lolemba lapitali m'mawa, mkamwini wanu anamupezera ganyu yonyamula njerwa kumene akumanga. Poona kuti nthawi ikutha, anapita pabalaza n'kumukoka bulangete, monga amachitira ndi ana akachedwa kusukulu. Amayi, Nkhosa anawamenya asanatsegule n'komwe maso. Pamene ndinkatuluka kuchipinda, bambo a ana anali pansi, iye ali pamwamba, dzanja lili pakhosi. Ndinafuula dzina lake mpaka anasiya. Adzukulu anu anaona zonse ali chiimire pakhomo atavala yunifomu. Kuchipatala bambo a ana anawasoka mlomo, ndipo iwo ananena kuti agwa pamakwerero.

Masana ake ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa bulangete lija. Ndinali nditapsa mtima ndipo ndinamuyankhula mawu amene sindingawalembe. Anandisiya mpaka nditatopa, kenako anayamba kufotokoza, maso ali m'beseni.

Anati usiku woyamba m'selo anamukoka bulangete, iye n'kungolisiya. Mawa lake anamulanda sopo, kenako chakudya, kenako malo ogona, mpaka anamukankhira pafupi ndi ndowa imene onse amadzithandizira. Nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake, ankangoonerera. Mkaidi wina wachikulire ndiye anamuuza kuti mmenemo sakulanda chifukwa akufuna chinthucho, amakhala akuyesa ngati ungalandidwe, ndipo ukalola kamodzi sasiya.

Choncho tsiku lina pamzere wa chakudya anasankha mkaidi wina wowonda, wodwaladwala, amene sanamulakwirepo, n'kumumenya anthu onse akuona. Kuyambira pamenepo akaidi anzake anamubwezera malo ake ndipo ankamupatukira njira. Anati zimene anamuchita anzake sizimusowetsa mtendere kwenikweni. Chimene chimamudya ndi chakuti pomenya munthu uja mantha onse anamuthera, mtima unakhala m'malo kwa nthawi yoyamba, ndipo manja ake anaphunzira zimenezo. Akuti tsopano manjawo sadikira kuti mwini wake adzuke.

Ndinalira, Amayi. Ameneyu ndi mwana amene ankathawa pakhomo mukamapha nkhuku.

Bambo a ana sanapite kupolisi, chifukwa akudziwa kuti akangotero mlamu wawo abwerera komwe wachoka. Pamenepo ndimawathokoza. Koma anena kuti mwezi uno ukamatha akhale atachoka. Ndinayesa kuwakumbutsa kuti chibale ndi fupa sichiola. Iwo anangondifunsa kuti zikanatha bwanji akanakhala kuti wakoka bulangete ndi mdzukulu wanu wamng'ono uja, amene amakonda kudzutsa anthu mwamasewera. Mpaka lero mwanayo akamva amalume ake akulowa amabisala kuseri kwa chitenje changa.

Ndafunsa kwa abusa, ndafunsa kwa anzanga, palibe amene akufuna kusunga munthu wochokera kundende. Akasowa pogona adzagona pamsika, ndipo kumeneko wina adzamugunda ali m'tulo. Zotsatira zake mukuzidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mumulandire kumudzi, mumupatse kachipinda kaja timasungamo makasu ndi matumba. Ndikudziwa kuti muli ndi ana a malemu achemwali pakhomopo, ndipo n'chifukwa chake ndakuuzani zonse osabisa. Iye wavomera kubwera, koma pali chimene akufuna chichitike asanafike. Akuti muitane kalipentala akonze chitseko, ndipo loko amuike kunja. Madzulo aliwonse muzimutsekera, kiyi muzisunga inuyo. M'mawa muzigogoda, kumuitana muli panja, ndipo musatsegule mpaka atayankha ndi mawu ake.

Ndinamuuza kuti mayi sangatsekere mwana wake ngati mbuzi, makamaka mwana amene wangotuluka kumene kotsekeredwa. Anayankha kuti asilikali ankamutsekera chifukwa chomuda, ndiye bola inu, ndipo pokhapokha atamva loko akutsekeka ndi pamene angagone osaopa kuti adzuka ali pakhosi pa mwana. Ine sindikudziwa ngati n'zoyenera. Ndikungodziwa kuti masiku ano akugona chokhala, atatsamira khoma, manja atawapanira pakati pa mawondo.

Mundiyankhe mwezi usanathe. Mukakana sindikuimbani mlandu, koma mundiuze kuti ndimuuze chiyani.

Mupereke moni kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa ana a achemwali. Mkamwini wanu akupereka moni, ngakhale kuyankhula kukuwavutabe. Nkhosa ndinamupatsa cholembera kuti aikepo mawu ake pansipa. Anachigwira kanthawi n'kundibwezera. Akuti ndingokufunsani ngati dzina lija mudzamuitana nalobe.

Ndine mwana wanu wosowa pogwira,
Mayi wa adzukulu anu